Disiki ya malemu

Mpando ndinaukana, koma ntchito yake ndinalibe poithawira. Mnzanga amene tinkakhala naye tebulo limodzi atamwalira, abale ake anabwera ku ofesi kwathu ku Woodlands kudzatenga jekete, kapu ndi nsapato zimene ankasiya pansi pa tebulo. Zoti akagawane zinathera pomwepo. Ine malemuyo anandisiyira pulogalamu yake ya pakompyuta.

Ofesiyo inali nyumba yogonamo kale, ndipo makina athu ankalira m'chipinda chimene chinali cha ana. Tinkabwereketsa makompyuta osaoneka ndi maso: makina amodzi aakulu amadzigawa n'kukhala ngati makompyuta ambiri, iliyonse ndi disiki yake, yomwe kwenikweni ndi fayilo chabe. Pulogalamu ya malemu inkayeza kukula kwa madisikiwo tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo.

Mulungu andikhululukire, ndinamunyoza munthu ali m'manda. Pulogalamuyo inali yopiringizika ngati mawaya a magetsi a ku msika wa Kamwala. Kuti idziwe kukula kwa disiki, inkalowa m'kati n'kumatsegula fayilo iliyonse payokha, ngati munthu wofuna kudziwa kulemera kwa thumba la mtedza pousenda. Makina ankachita kubuula. Ndinaiphwasula yonse, n'kuilemba mwatsopano kuti izingoima kunja n'kuyeza. Inayamba kumaliza tiyi asanazizire, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako abwana anati malo atichepera. Madisiki amene sakukula, kutanthauza kuti palibe akuwagwiritsa ntchito, ndiwafufute lisanafike Lachisanu. Ndinkadziwa kuti ya malemu ikhala yoyamba, pakuti anali ndi kakompyuta kake koyeserapo zinthu.

Koma disiki yake inkakula.

Ndinaganiza kuti ndalakwitsa penapake, ndipo ndinayezanso. Ndinayang'ana ngati wina akulowamo, koma chimwalirireni mwini wake palibe anali atalowamo. Chimene chinandiopsa n'chakuti kale inkakula pang'onopang'ono, koma kuyambira tsiku limene ndinasintha pulogalamu, inayamba kufufuma. Kunali kutentha kwa Okutobala, anzanga atapita kukadya, ine ndili ndekha. Ndinacheukira mpando wake.

Ndinatsegula disikiyo. Munali mafayilo a mawu okhaokha. Ndinavala zomvera m'makutu n'kusankha imodzi yakale.

Anayamba ndi malemu iyeyo, mawu ake enieni, akuseka pang'ono: "Amama, nili busy. Kambani chabe, nizamvela."

Kenako mawu a mayi wachikulire. Ankamuuza kuti ku Kabwata madzi avutanso, kuti mwendo wayamba kupepuka, kuti kwaya inaimba bwino. Ankalankhula momasuka, ngati mwanayo ali kuseri kwa chitseko. Ndinamvetsa tsopano: malemu anawakonzera mayi ake nambala yoti akaimba iye atatanganidwa, uthenga uzisungika pa disikiyo. Nditayang'ana mmene anaikonzera, ndinapeza kuti fayilo yatsopano ikangotsegulidwa, foni ya mayiwo inkalandira mawu awiri olembedwa: "Namvela, amama."

Pulogalamu yakale ija, potsegula fayilo iliyonse masana, ndi imene inkawayankha mayiwo chiikireni mwana wawo m'manda. Yanga, yaukhondo ija, sinkatsegula kanthu.

Mauthenga a masiku a pulogalamu yanga anali ambirimbiri, ena a mpweya wokhawokha. Wina unali uwu: "Mwana wanga, nakulakwila chani? Ngati ni nsapato zako zamene tinapatsa amalume, nizazitenga. Usanikhalile zii." Ndinalira pamenepo, chifukwa chete ameneyo ndinamulemba ndine ndi zala zanga.

Abwana ndinawauza kuti disiki imeneyi ikukula, choncho siili m'gulu lofufutidwa. Sanafunse zambiri. Chinanditsalira n'choti ndichite nawo chiyani mayiwo. Kubwezera pulogalamu yakale kunali kosavuta, koma ndinaona kuti n'kunamiza munthu wamkulu ndi makina. Kupita ku Kabwata kukawafotokozera, ndinaopa. Ndinasankha zapakati: masana alionse ndinkatsegula uthenga watsopano ndekha n'kuumvetsera mpaka kumapeto, kuti mawu awiri aja akamapita azikhala oona.

Disiki inabwerera kukula pang'onopang'ono. Ndinadziwa za mwendo, za mpongozi amene anabwerera kwawo ku Chelstone, za mapapaya amene ana oyandikana nawo ankaba. Nthawi zina msonkhano unkandichedwetsa, nthawi zina minibasi, ndipo Loweruka ndinkatsegula ndili kunyumba ndikamaliza kuchapa. Ndinkaganiza kuti zonse zili bwino.

Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, ndinatsegula uthenga monga mwa masiku onse. Mawu a malemu anadutsa. Ndinkamva mvula pa malata a ku Kabwata, ndi kupuma kwa mayiwo pafupi kwambiri ndi khutu langa.

"Imwe bamene mumvela," anatero pang'onopang'ono, "sinikuzibani, koma zikomo. Mwana wanga enze kuyankha zuba ili pamutu, osachedwa olo siku imozi. Imwe mumachedwa." Anapumira. "Niuzeni chabe. Mwamupeleka kuti?"

Ndinafuna kutseka fayiloyo msanga, koma inali itatseguka kale, ndipo foni yawo inali italandira yankho.