Eriyo ya mumchira wa ndege ya amalume

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, amalume anga anabwerera ku Kamwendo kuchokera ku Zambia. Kumeneko ankaumba madenga a magalimoto ndi faiba, nsalu ya ulusi wagalasi imene imauma gwa ikapakidwa utomoni. Anafika ndi luso limenelo ndi khumbo limodzi, lopanga ndege yokwera munthu mmodzi m'chigafa chathu cha fodya chimene tinali titasiya kugwiritsa ntchito. Injini inali isanapezeke, koma thupi, mapiko ndi mchira zinayamba kuoneka.

Bambo anga ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pamsika. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, ndipo anthu ambiri anali atasamukira kwa mmisiri wina watsopano. Amalume atawapempha kuti aike eriyo m'ndegemo, anavomera mosazengereza. Ankafuna kudzitsimikizira kuti manja awo akadali ndi ntchito.

Anatifotokozera kuti faiba si chitsulo, mafunde a wailesi amaidutsa, choncho eriyo siyenera kuima kunja ngati ya galimoto. Anadula timizere tiwiri ta mkuwa wopyapyala, natimata mkati mwa mchira, kena kuloza kumwamba, kena pansi, kenaka anaotcherera chingwe pakati pake ndi mtovu. Anali atasinthanso wailesi ina yakale kuti izigwira mawu a oyendetsa ndege zodutsa pamwamba pathu popita ku Lusaka. Masana ena tinamvadi mwamuna akutchula manambala m'Chingerezi. Amalume anawaseka alamu awo kuti tsopano akuona ndi makutu. Bambo anabweza kuti ndege yopanda injini ndi khola la nkhuku la mapiko. Tsiku lomwelo mchira unatsekedwa ndi faiba, eriyo n'kukwiririka mkati.

Cholakwa chinali changa. Ndegeyo inali yotuwa ngati chikopa chouma, ndipo odzaiona ankachoka akuseka. Kwathu chinthu chofuna ulemu chimapakidwa penti wasiliva wa malata, kaya ndi denga la tchalitchi, geti, ngakhale mtanda wa kumanda. Bambo ndi amalume atapita kumaliro ku Mkanda kwa masiku atatu, ndinapaka ndege yonse penti ameneyo. Mchira ndinaubwereza katatu chifukwa ndiwo unkaonekera kumsewu. Atabwera anandiyamika onse awiri.

Koma wailesi ija sinalankhulenso. Inkangoti waa ngati mvula yakutali. Bambo anasintha mabatire, anayeza chingwe, anakhala m'chigafa milungu iwiri akudikira ndege. Ataichotsa wailesiyo n'kuilumikiza ku waya wamba panja, mawu anamveka bwinobwino, ndipo tonse tinadziwa kuti vuto lili mumchira. Amalume anatenga sowo, ngakhale kuti mchirawo unawatengera miyezi inayi.

“Musaudule, alamu,” anatero bambo. “Pamene ndinkaotcherera paja sindinkaona. Ndinangoyerekeza ndi zala. Mtovuwo wasiya.”

Mwezi womwewo anachotsa tebulo lawo pakhonde la sitolo, zipangizo zonse n'kumupatsa mmisiri watsopano uja. Amalume nawo anatopa kufunafuna injini, nabwerera ku Zambia.

M'chaka changa chachiwiri ku koleji, aphunzitsi a sayansi anatchula mongodutsa kuti penti wasiliva amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo akapakidwa mochindikala amatchinga mafunde a wailesi. Anzanga anapitiriza kulemba. Ine ndinakumbukira mchira uja umene ndinaupaka penti katatu.

Pa tchuthi ndinawapeza bambo atakhala padzuwa, akuswa mtedza mofufuza ndi zala, pakuti maso anali atatheratu. Ndinagwada, ndinawafotokozera zonse monga ndinaziphunzirira, osadzichotsera kalikonse. Nditamaliza, anandifunsa funso limodzi.

“Ndiye kuti pamene ndinaotcherera paja pakadali pogwira?”

Ndinayankha kuti ndikukhulupirira choncho, ndipo ndinadzipereka kupala penti yense ndi mpeni kuti tiyesenso.

“Usadzivute, mwanawe,” anatero. “Ngakhale italankhula lero, ndani angabweretse wailesi yake kwa munthu wosaona?”

Sanandikalipire, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Anangokankhira lichero kwa ine kuti ndiwathandize kusankha mtedza wowola, umene zala zawo zinkauphonya.