Utsi wa pa chigayo cha a Yunusu

Ife a kumtunda kuno, m'mphepete mwa phiri la Michesi, sitinkafunsa munthu ngati chigayo chikugaya. Unkangotuluka m'nyumba m'mawa n'kuyang'ana kumunsi, cha ku Migowi. Ukaona utsi wakuda bii ukukwera kuseri kwa mabulugamu, basi, senza thumba lako, a Yunusu aliza injini. Ukapanda kuuona, tenga khasu ukapalire nandolo. Ineyo Anastazia ndatsika phiri limeneli ndi chimanga pamutu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo utsi umenewo sunandinamizepo. Anthu ondinamiza alipo ambiri, wina ndinachita kukwatiwa naye, koma utsi wa a Yunusu ayi.

A Yunusu ndi bambo wamfupi, wa ndevu zoyera, ngakhale palibe akudziwa ngati zinayera ndi ukalamba kapena ndi ufa. Kwawo ndi ku Nkhulambe. Pa unyamata wawo ankagula nandolo m'midzi pa njinga n'kumakagulitsa kwa amalonda a pa Migowi, mpaka anapeza injini yakale ya dizilo imene kale inkapopa madzi pa esiteti ina ya tiyi. Anaimangira kanyumba ka malata m'mbali mwa msewu, nyumba yawo yogona ili kuseri kwake. Lachisanu masana amazimitsa injini n'kupita ku mzikiti, moti ife a kutchalitchi tinkadziwa nthawi yopemphera ya Asilamu poona kuti utsi waleka.

Vuto lawo ndi limodzi: safuna kumva mawu akuti chigayo. Ukafika amati, "Mayi Anastazia, takulandirani ku fakitale." Fakitale yake iti? Wantchito ndi iwo, bwana ndi iwo, wosesa ndi iwo omwe. Koma ufa wawo, abale inu, wosalala, wozizira bwino, wopanda fungo la chitsulo. Ndiye tinkangovomera kuti eya, tafika ku fakitale.

Paipi ya utsi inkatulukira kuseri, moyang'anizana ndi khitchini ya akazi awo, a Hajira. Nkhuku zoyera za pakhomopo zinkasanduka zotuwa. Zovala zikayanikidwa zinkafunika kuchapanso. A Hajira ankatsokomola kuyambira m'mawa, ndipo akati aseke, kuseka kwawo kunkathera m'chifuwa, mpaka kugwira mtengo wa papaya. Tikafunsa, a Yunusu ankati, "N'cha kumtundu kwawo chimenecho, amayi awo analinso choncho." A Hajira ankayankha ali kuseri konko kuti, "Amayi anga ankasuta fodya wa chingambwe, ine ndimasuta injini yanu." Tinkaseka tonse, n'kupitiriza kupeta mphale.

Chaka chatha a Goodman anatsegula chigayo cha magetsi pamsika, chopaka utoto wobiriwira, chokhala ndi benchi lokhalapo odikira. Anthu a pafupi ndi msika anapita kumeneko. Ife a kumtunda tinatsala kwa a Yunusu, chifukwa cha utsi uja. Kwa a Goodman ungatsike phiri lonse n'kukapeza magetsi azima. Kunena zoona, chigayo cha a Yunusu chinkadalira ifeyo basi.

Ndiye kunabwera a Phillip. Bambo ameneyu anagwirapo ulonda pa fakitale ina ku Blantyre, ndipo anabwerako ndi jekete imodzi ndi nkhani zosatha. Tsiku limenelo ndinalipo, ndikudikira mgaiwa wanga. A Phillip anayang'ana utsi, n'kupukusa mutu.

"A Yunusu, chilolezo cha utsi muli nacho?"

"Cha utsi? Utsinso uli ndi chilolezo?"

"Ha! Muli kumbuyo. Masiku ano fakitale iliyonse yaikulu yotulutsa utsi imakhala ndi pepala la boma. Amabwera ndi zipangizo, amayeza pa chumuni penipeni. Utsi ukapezeka wakuda, loko pachitseko. Ndipo a zachilengedwe akubwera mwezi uno kudzaona fakitale ya nandolo ikumangidwa kunjira ya ku boma ija. Adutsa pompano."

Pa zonsezi a Yunusu anatolapo ziwiri. Loko inawaopsa, mpaka anakhala pansi pa thumba la gaga. Koma zakuti fakitale yaikulu zinawakomera, ndinaona ndevu zikugwedera. Sanafunse n'komwe kuti yaikulu imayambira pati.

Mawa lake anagulitsa mbuzi zawo zinayi n'kuitana a Dyson, makanika wa pa Migowi. Zimene zinachitika masiku amenewo ndinazimva kwa a Hajira pambuyo pake. Masiku atatu injini inali yomasulidwa, zitsulo zake zitayalidwa pa mkeka wa alendo. A Dyson anasintha mphete za m'kati, anatsuka timapaipi ta dizilo, anachepetsa dizilo amene injini inkamwa, n'kutalikitsa paipi ya utsi kuti ipitirire denga. A Yunusu anapaka laimu khoma lonse, anakhomanso msomali pamwamba pa chitseko poti adzapachikepo chilolezo. Atailiza, injini inalira bwinobwino, koma utsi wake unali woti uchite kuyandikira kuti uuone. A Yunusu anavala mkanjo woyera wa pa chikondwerero cha Idi n'kukhala pakhomo, kudikira boma ndi makasitomala.

Ife kumtunda tinayang'ana Lolemba, kulibe utsi. Lachiwiri, kulibe. Lachisanu n'kuti nkhani ya a Phillip itakwera kale phiri, ndipo inafika itanenepa: boma latseka chigayo, laika maloko awiri, a Yunusu akuyankha mlandu. Ndani akanatsutsa? Umboni unali kumwamba, aliyense akudzionera yekha. Tinasenza matumba n'kupita kwa a Goodman. Ineyo ndinkachita kuzungulira njira ya kudambo kuti ndisaone loko pachitseko cha munthu amene ndamudziwa zaka zonsezi. Kwa a Goodman tinkakhala pa benchi lija tsiku lonse kudikira magetsi, ufa n'kutuluka wotentha ngati phulusa. Masabata atatu anatha choncho.

Sabata yachinayi mtima unandipweteka. Kwathu kuno munthu akagwa m'mavuto timakamupepesa. Ndinazula chinangwa, ndinadzaza beseni, ndinavala chitenje chakuda cha kumaliro, n'kutsika ndi nkhope yachisoni imene ndinaikonzeratu kunyumba. Ndikuyandikira, ndinamva injini ikulira. Ndinaima. Chitseko chili pululu, lamba akuzungulira, chigayo chikugaya mphepo. A Yunusu ali pampando ndi mkanjo wawo, ataonda, akuyang'ana msewu.

"Mayi Anastazia! Muli moyo? Mwafedwa ndani?"

"Ndabwera kudzakupepesani. Si anakutsekerani?"

"Anditsekera ndani? Ndikuliza injini tsiku lililonse, dizilo akungopsa. Munthu ngakhale mmodzi wa kumtunda! Ndinakulakwirani chiyani anthu inu?"

"Nanga utsi uli kuti?"

Anandiyang'ana, anayang'ana paipi, anayang'ananso phiri.  Zaka zonsezi bambo ameneyu ankaganiza kuti timabwera chifukwa cha dzina la fakitale. Palibe anawauzapo kuti timayendera utsi, ndipo ifenso sitinaganizepo kuti n'zofunika kunena.

Tisanamalize, mumsewu munatulukira galimoto yoyera ya boma. A Yunusu analumpha ngati mnyamata, anaima pakati pa msewu manja m'mwamba. Munatsika mayi wina wachitsikana wa zachilengedwe, waulemu wake, atanyamula chikwatu cha mapepala. A Yunusu anamulondolera m'kati, anamuonetsa injini, laimu, paipi, ndi msomali womwe.

"Yezani, mayi. Sitikuopa kanthu pano."

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, akuyesetsa kuti asamwetulire. "Bambo, mwachita bwino kwambiri kukonza injini, ena samatero. Koma chilolezo chimene mukunenacho n'cha mafakitale akuluakulu, a machumuni aatali, ogwira ntchito mazanamazana. Kachigayo kanuka sikafunika pepala limenelo."

Kachigayo! Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndiye simuyeza?" anafunsa a Yunusu.

"Ayi, bambo."

"Ngakhale pang'ono pokha? Kapepala kakang'ono kulibe? Msomali ndakhoma kale."

Mayiyo anapepesa, anatsanzika bwino, galimoto inapita. A Yunusu anatsala chilili pamsewu, fumbi likutera pa mkanjo wa pa Idi. Mbuzi zinapita, makasitomala anapita, ndipo boma linati kachigayo. Anavula mkanjowo, anaupachika pa msomali wa chilolezo, n'kutenga sipanala.

"A Dyson anandionetsa," anatero. "Kanati kamodzi aka. Ndikangokapotokola, dizilo achuluka, utsi ubwerera wonse. Lero lomwe phiri lonse liona."

"Potokolani!" ndinatero ine. Inde, ndinanena ndine, sindikana. Ndinali nditatopa ndi benchi la a Goodman. "Potokolani kwambiri, uoneke mpaka ku Fort Lister."

Anazimitsa injini kuti agwire bwino. M'chigayo munangoti zii. Anawerama, anaika sipanala pa kanati kaja. Kuseri a Hajira ankasankha nandolo pa lichero, akuimba kanyimbo ka pachinkhoswe, mawu akukwera bwinobwino mpaka kumapeto. A Yunusu anakhala chiweramire, dzanja lili pa sipanala, osapotokola.

"Mayi Anastazia," anatero motsitsa mawu, "chifikireni pano, mwamvako chifuwa?"

Ndinatchera khutu. Ndinaganiza. Sindinamve, ngakhale kamodzi.

A Yunusu anaitana akazi awo kuseri. "Amayi! Chifuwa chija chili bwanji?"

"Mwazindikira lero?" anayankha a Hajira ali komweko. "Sabata yachinayi ino. Ndimati ndione ngati muli ndi makutu."

A Yunusu anachotsa sipanala pang'onopang'ono, anaipukuta ndi chiguduli, n'kuiika m'bokosi. Anakhala pa thumba la gaga lija. Ine manyazi anandigwira, manyazi enieni, osati a nkhope yokonzera kunyumba aja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinkatuluka m'mawa n'kusangalala ndikaona utsi wakuda, chifukwa unkandipulumutsa miyendo. Sindinaganizepo kuti pansi pa utsiwo pali munthu akuphika.

"Ndiye fakitale itseke?" ndinafunsa.

"Ngati n'kutseka itseke," anatero. "Kanatiko sindikakhudza."

Sinatseke, koma sinabwererenso mwakale. A Yunusu anadula nsungwi yaitali kwambiri, anailumikiza ndi inzake, anaimika pafupi ndi msewu, n'kumangirira pamwamba chitenje chofiira cha a Hajira. Chikakhala m'mwamba, chigayo chikugaya. Ine ndinayenda khomo ndi khomo kumtunda kuno kufotokoza, ndinalengezanso kutchalitchi pambuyo pa zolengeza za maukwati. Ena anabwerera, ena anazolowera benchi la a Goodman. Chitenje si utsi. Kukagwa nkhungu ya chiperoni sichioneka, ndipo agogo a maso ofooka amachisokoneza ndi maluwa a mtengo. Masiku ena a Yunusu amagaya matumba atatu okha tsiku lonse. Mbuzi sanagulebe zina. Pa msomali paja pamakhala sefa.

Mwezi watha ndinaona chofiira chikuuluka, ndinasenza thumba lalikulu la chimanga, ndinatsika phiri lonse thukuta lili kamukamu. Ndinapeza chigayo chotseka, a Yunusu apita ku ukwati ku Nkhulambe, aiwala kutsitsa chitenje. Ndinakwiya zedi. Ndinazungulira kuseri ndikulalata, kuti utsi sunandichitepo zimenezi, kuti munthu wamkulu ngati ine andiyendetse ulendo wachabe chifukwa cha nsalu.

A Hajira anandiyang'ana, thumba lili pamutu, n'kuyamba kuseka. Anaseka, anaseka, misozi mbwembwembwe, mpaka kuseka kunatha kokha, osagwira mtengo wa papaya. Ndinatula thumbalo pakhonde pawo n'kukwera phiri chimanjamanja, ndipo mawa lake ndinatsikanso.