Usipa Umene Sunadutse pa Chiponde

Amuna anga anamwalira kumapeto kwa Okutobala, usipa uli woyanika pa thandala. Anadwala masiku anayi okha. Ife ndife Asilamu, ndiye atangoikidwa m'manda ine ndinalowa eda. Mkazi wamasiye amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola mafuta, osapita kumsika, osaonana ndi amuna. Kwathu, kufupi ndi Malindi, amayi akuluakulu ankasunga mwambo umenewu molimba kuposa a Shehe eni ake.

Chimene chinkatidyetsa chinali chilimila, ukonde waukulu wokokera usipa ndi utaka. Ukondewo sitinagule. Anatipatsa bambo wina amene anali ndi sitolo ku Mandimba, tsidya la malire ku Mozambiki. Kumeneko kunali nkhondo, ndiwo zinkasowa, ndipo usipa wouma unkayenda malonda. Anapangana ndi amuna anga kuti kwa zaka zitatu tizikatula matumba makumi awiri pakhomo pa sitolo yawo chaka chisanathe. Tikakwanitsa, ukonde ukhala wathu. Tikaphonya chaka chimodzi, ubwerera kwa mwini wake. Panganolo linalembedwa, amuna anga anadinda chala. Zaka ziwiri zinayenda bwino. Ichi chinali chomaliza.

Panali pepala linanso, chilolezo chochokera ku boma chotulutsira nsomba kunja kwa dziko. Amuna anga anali atangotenga chatsopano asanadwale. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ndinkachidziwa ndi chidindo chake chofiirira.

Arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi, itatha, ndinalongedza usipa m'matumba kuseri kwa mpanda. Alamu anga, mng'ono wa malemu, anakweza matumbawo pa lole ya matola, chilolezo chili m'thumba la malaya, ulendo wa ku Chiponde kumene kuli chipata cha malire. Tsiku lachitatu ndinamva lole ikuima panja, kenako matumba akugwa pansi. Alamu anakhala pakhonde, ine mkati kuseri kwa chitseko.

"Alamu, atibweza," anatero iwo.

"Pepala munataya?"

"Ndinapereka bwinobwino. Mkulu wa pachipata anawerenga dzina, n'kundiyang'ana, akuti, 'Amenewa ndinu?' Ndinati ndi achimwene anga, anatisiya. Akuti, 'Pepani ndi maliro, koma munthu wakufa satumiza katundu kunja.'"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati nanga usipawu ndi wamoyo? Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma chipata sanatsegule."

Ife tinkayesa chilolezo chili ngati khasu la pakhomo, amene wadzuka ndi mphamvu ndiye amalinyamula. Sitinkadziwa kuti chimakhala cha munthu mmodzi ndipo chimafa naye limodzi. Alamu atakafunsa ku boma, kalaliki anawauza mwaulemu kuti china chikhoza kutuluka, koma mwini katundu, amene tsopano ndinali ine, abwere yekha ndi kalata ya imfa adzadinde chala. Kuchoka kwathu kufika ku boma ndi ulendo wa m'mawa umodzi.

Ndinapempha apongozi anga, amayi a malemu, amene ankagona nane m'nyumba masiku onse a eda.

"Mwana wanga sanayambe n'kuwola komwe, iwe ukuganiza za lole?"

"Amayi, ndipita m'mawa, ndibwera dzuwa lisanapendeke. Ndifunda nkhope."

"Ufunda nkhope, mapazi ufundanso? Mudzi wonse ukudziwa kayendedwe kako."

A Shehe anatuma akazi awo kudzanena kuti kutuluka masana pa chinthu chofunika si tchimo. Apongozi anawayankha kuti a Shehe ali ndi buku, iwo ali ndi manda a mwana wawo. Ndinkadziwa zimene amanena za mkazi wodula eda, kuti ankangodikira mwamuna afe. Ndinavala nsalu kawiri konse kuti ndinyamuke, kawiri konse ndinakathera pa mpanda.

Ena anatilangiza zopereka matumba kwa amuna a njinga amene ankadutsa njira za m'tchire. Alamu anakana. Anati kumeneko kuli mabomba okwirira pansi, ndipo akakugwira ukutulutsa katundu mozemba amalanda zonse, iwe n'kukutsekera. Kugulitsa usipawo konkuno sindikanathanso, chifukwa ndikanatsala wopanda chokapereka.

Mvula inayamba. Matumba tinawaunjika m'chipinda chimene ndinkagona, poti ndi mokhamo mmene simunkadontha. Fungo la usipa ndinakula nalo, koma ili linayamba kusintha, kukhala lowawasa. Tizilombo takuda tinkatuluka m'misoko ya matumba n'kumayenda pa mphasa yanga. Dzuwa likawala ndinkakhuthula thumba limodzi kuseri n'kuyanika, ndipo tsiku lililonse pansi pankatsala fumbi lochuluka kuposa dzulo lake. Chaka chinatha ndili momwemo.

Pakati pa Januwale alamu anabwera ndi mlendo. Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Anali bambo a sitolo aja. Kale ankabwera pa njinga yamoto, lero anali wapansi, ataonda, nsapato zomanga ndi luzi. Anapepesa maliro, kenako anafotokoza kuti sitolo yawo inatenthedwa chaka chitangoyamba, ndipo iwo ndi banja lawo anathawira kuno, akukhala pamodzi ndi othawa nkhondo anzawo kufupi ndi Chiponde.

Ndinawamvera chisoni, koma mtima unapepukanso.

"Ndiye usipa wanu ndi uwu, bambo. Tengani pompano. Palibenso chipata pakati pathu."

"Mayi, ndiutengere kuti? Ndikugona mu msasa. Wothawa nkhondo saloledwa kuchita malonda. Ndabwerera ukonde."

"Ukonde?"

"Pepala likuti pakhomo pa sitolo yanga, chaka chisanathe."

"Sitoloyo ilipo?"

"Kulibe. Koma pepala silinapse."

"Ndikanabweretsa, si bwenzi utapsera momwemo?"

"Ukanapsa uli wanga, ukonde n'kukhala wanu. Ndi mmene mapepala amayendera, mayi. Sindinawapange ndine."

Kenako anati ali ndi anthu asanu ndi anayi owayang'ana kukamwa, ndipo msodzi wina wa ku Makawa wavomera kukoka ukondewo n'kumawagawira. Alamu anakalipa, anawakumbutsa zaka ziwiri zimene sitinaphonye ngakhale thumba limodzi. Iwo sanatsutse. Nkhani inapita kwa akuluakulu a m'mudzi, mphunzitsi wina anawerenga pepala lonse mokweza, ndipo onse anati mlendoyo sanalakwe. Ine sindinapiteko. Ndinangouzidwa.

Ukonde anadzaunyamula amuna anayi. Sindinawaone. Ndinangomva zoyandamitsa zake zikugundana pamene ankadutsa kuseri kwa nyumba. Apongozi anali pambali panga akusankha mpunga, sanadzutse mutu.

Eda inatha mwezi wa Malichi. Ndinasamba, ndinavala nsalu yatsopano, ndinatuluka. Usipa ndinaupeta wonse, panatsala matumba asanu ndi awiri, amene ndinagulitsa kwa oweta nkhuku ku boma. Ndinadutsa pa ofesi ya zilolezo ija, khomo lili lotsegula, anthu atatu okha pa mzere.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kugula nsomba pa maukonde a anthu ena, beseni limodzi kapena awiri, n'kumayanika. Tsiku lina ndili ku Makawa ndinaona chilimila atachiyala pa mchenga. Ndinachizindikira ndi zigamba za ulusi wobiriwira zimene amuna anga ankasoka, mfundo zake zopendekera kumanzere poti anali amanzere. Asodziwo sankandidziwa. Ndinagula beseni limodzi pa mtengo wa aliyense.