Nyimbo Imene Abambo Anatiletsa

Njanji itangofika ku Limbe, ife akazi tinkachapa zovala za azungu mumtsinje wa Mudi. Sukulu tinkaionera patali, koma maso tinali nawo. Aliyense akabwerako kokatula zochapa ankanena zimene waona: kwa uje agalu amaluma, kwa uje dona amamenya ndi nsapato, kwa uje bwana amatseka chitseko mtsikana akalowa. Tinkatsutsana mpaka ena avomereze kuti n'zoona, kenako n'kuziika m'nyimbo yomenyera zovala pamwala. Mtsikana watsopano akaimba nafe pang'ono ankadziwa kolowa ndi kosalowa.

Abambo anga, mkulu wa mpingo, anati nyimboyo ndi miseche yachikunja. Anatiletsa kuiimba, ine ndi mng'ono wanga amene anali atangotha msinkhu. Posakhalitsa bwana wa ku Limbe, yemwe uja wotseka chitseko, anafuna wolera mwana, ndipo abambo anati mng'ono wanga apite.

"Abambo, kumeneko ayi," ndinatero. "Amayi onse akumtsinje akudziwa."

"Akudziwa chiyani, osatha n'kulemba komwe? Munthuyo amapemphera."

Ndikakumbukira yankho limenelo ndimapsabe mtima. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma kwa abambo, mnansi wopanda jekete sanali woti n'kumumvera.

Mng'ono wanga anapita. Mvula isanathe anabwerako ali ndi pakati. Akulu a mpingo anamudula, abambo ali pomwepo, maso pansi. Bwana uja palibe anamufunsa kanthu.

Tinkayesa kuti mng'ono wangayo azingobisala m'nyumba. Koma m'mawa wina anatsikira ku Mudi, nayamba kuchapa, ndipo tikuimba, titafika pa mawu onena za nyumba ija anatidula.

"Mukulakwitsa, amayi. Si chitseko chakutsogolo, n'cha mosungira ufa. Ndipo amatero dona akapita ku Blantyre."

Tinakonza mawuwo, iye akutsogolera. Anzathu anaitengera nyimboyo ku Ndirande ndi ku Soche, ndipo pakhomo paja sipanapondenso mtsikana wakwathu.

Patapita zaka ndinamva abambo akulangiza mnzawo, amene ankafuna kutumiza mwana wake kuntchito, kuti ayambe wafunsa amayi akumtsinje. Analankhula mosachita manyazi, ngati nzeruyo anabadwa nayo. Mng'ono wanga anali pomwepo akusenda chinangwa. Abambo sanamuyang'ane, ndipo mpaka tinawaika m'manda asanamupepese.