Mafayilo Osapakidwa Utoto

Ndili pa kompyuta ya ku ntchito. Ndangogawa fayilo yaikulu yoyendetsera seva, kompyuta imene anthu onse amadalira, kukhala timafayilo ting'onoting'ono, tonse m'foda imodzi. Ndikutsegula foda ija, mukutuluka anapiye oyera mbee, akuthamangathamanga pa kiyibodi.

Pulogalamu yolembera, ija imapaka mawu utoto ikazindikira fayilo, lero ndi mayi wovala duku, wakhala pa mkeka pakati pa ofesi ndi botolo la jivi wopaka anapiye kuti kabawi asawagwire. Akugwira mwanapiye mmodzi, akumutembenuza, akumuyang'ana kumchira.

"Uyu dzina lake lathera pati?" akundifunsa.

"Ameneyo kumchira sanalembedwe kanthu, mayi. Koma onsewa ndi amodzi, taonani khola lomwe atuluka!"

"Ine za makola sindizidziwa, achimwene. Ndimaona kumchira basi."

Akumuponya pansi ali woyera chomwecho.

Denga la ofesi lasasuka, ndipo kabawi akuzungulira, mthunzi wake ukudutsa pa sikirini. Mmodzi mwa anapiyewa wameza mzere wolakwika wa m'fayilo yaikulu ija, ndikudziwa ndithu, koma onse ndi ofanana. Abwana anga aima pakhomo, chala chili pa batani la seva.

"Ndiyatse? Anthu onse akudikira iwe."

"Dikirani kaye, bwana!"

Ndikufuna kulemba lamulo loti mayiyu aziyang'ana khola, koma jivi wandimata zala. Batani lililonse ndikadina likungolira ngati mwanapiye. Kabawi wapinda mapiko. Abwana akudina.

Ndadzuka, manja onse nditafungatira pachifuwa, muli mopanda kanthu.