Amene Ankaphika Nyemba Zija

Fungo la anyezi wopserera linandipeza ndisanalowe m'nyumba. Ndinali nditanyowa, nsapato zodzaza madzi. Chitseko cha kukhitchini chinali chotseka, ndipo mkatimo munkaseka munthu wamkazi. Amayi anali kuntchito. Nditagogoda, kusekako kunazima.

"Kavule zonyowazo, Dalitso," anatero bambo, osatsegula.

Ndinali ndi zaka khumi. Chinali chisanu chathu choyamba ku Perth, mu Julaye, m'kanyumba ka lendi ku Mirrabooka. Kwathu ku Kasungu anatiuza kuti kwa azungu kumagwa sinowo. Sinagwe. Kunkagwa mvula yozizira yamphepo, ndipo tsiku lina matalala anayeretsa kapinga wa kuseri, n'kusungunuka ndisanapeze kapu yotolera. M'nyumba munkazizira kuposa panja. Zovala tinkayanika pafupi ndi hita, pabalaza ponse n'kumanunkha masokosi.

Amayi ndi amene anatibweretsa kuno. Anali namwino pa chipatala cha ku Murdoch, ulendo wa basi ndi sitima. Ankafika madzulo, kukhala pampando, n'kugona ndi yunifolomu osaika kanthu m'kamwa. Bambo ntchito anali asanapeze. Kwathu anali kapitawo pa esiteti ya fodya, munthu womuvulira chipewa, ndipo mthiko anali asanaugwirepo. Masabata oyamba tinkadya buledi ndi mazira.

Kenako chakudya chinasintha. Kunabwera nyemba zofiira za msuzi wolemera, futali wa mbatata, sipinachi wotendera. Mawindo a kukhitchini ankachita thukuta. Tinkadya atatu pa katebulo kogwedera, majuzi tili chivalire, ndipo amayi anayamba kumaliza mbale yawo. Atafunsa kumene zachokera, bambo anayang'ana m'mbale.

"Azimayi a kutchalitchi."

Ine sindinakhulupirire. Mapoto anali athu omwe. Makoko a anyezi ndinkawapeza m'bini mwathu. Ndinati ndithu pali mkazi amene amalowera khomo la kuseri, n'kutuluka ine ndikamavula nsapato. Ndinayamba kumusaka. Ndinkafufuza mapazi ake m'matope, ndinkanunkhiza makapu. Tsiku lina ndinapeza chitenje cha amayi kuseri kwa chitseko, chili chofunda, ndi dontho la mafuta. Mtima unandiwawa. Mpaka chitenje cha amayi akuvala!

Lamulungu lina, mapemphero atatha, amayi anapita kwa Mayi Phiri, mkulu wa azimayi, kukathokoza chifukwa cha nyemba zija. Anawerama pang'ono, akuwomba m'manja.

"Nyemba zake ziti, mayi?" anafunsa Mayi Phiri.

Tinabwerera kunyumba pa basi. Madzulo ake amayi anakankha mbale yawo, n'kukankhanso yanga. Kwathu chakudya chosadziwika dzanja lomwe lachiphika sichidyedwa, makamaka ngati dzanjalo ndi la mkazi amene akubisidwa. Ndani angadziwe chimene wathiramo? Tinamwa tiyi ndi buledi. Bambo anadya okha, sipuni ikulira m'mbale. Zotsala anaika mu fuliji. Mawa lake panalinso poto wina pa sitovu, ndipo nayenso sanakhudzidwe. Zinapita choncho masiku atatu, fuliji ikudzaza.

Lachitatu amayi ankandipukuta m'mutu ndi thawulo, pomwe anandifunsa chapansipansi zomwe ndimaona ndikaweruka. Ndinanena zonse: chitseko, kuseka, chitenje. Ndinkadziona ngati wapolisi. Iwo anangoti, "Chabwino." Anakwera pampando, n'kutsitsa sutikesi ya bambo pamwamba pa wodilopu, n'kuisiya pakati pa chipinda ili yotsegula. Viza yotilola kukhala m'dziko muno inali ya amayi; popanda iwo bambo akanabwezedwa kwathu. Zimenezo ngakhale ine ndinkazidziwa. Bambo anaiona sutikesiyo, n'kuilambalala.

Lachinayi ndinawapeza amayi pageti la sukulu, ali mu yunifolomu, ambulera m'manja. Anali atasinthana shifiti ndi mnzawo. Tinayenda mpaka kwathu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Mawu a mkazi uja ankamveka bwino tsopano. Amayi anakankha chitseko.

Munali bambo okha. Anali atamanga chitenje chija m'chiuno, pamwamba pa buluku, mthiko uli m'manja. Foni inali itatsamira botolo la mchere, ndipo mawu omwe ankatulukamo anali a azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ali ku Kasungu.

"Achimwene, nsinjiro sathira ngati feteleza! Pang'onopang'ono. Inu munkalalatira anthu pa esiteti, lero akugonjetsani masamba? Nanga alamu anga akudya? Halo? Kapena mwapsanso chala?"

Sipinachi ankabwata. Amayi anayang'ana foni, kenako manja a bambo. Pa zala ziwiri panali matuza, lina lophulika. Ndinali nditawaona kale matuzawo patebulo, koma ine ndinkasaka mapazi a mkazi.

"Bambo a Dalitso," anatero amayi. Anatenga sipuni, n'kutapa m'potomo, n'kulawa masamba osapsa bwinowo ali chiimire. Anatapanso kachiwiri.

Nthawi imeneyo ndinangoona kuti bambo agwidwa bodza, ndipo ndinadabwa chifukwa chake munthu angabise nyemba. Lero ndili ndi nyumba yanga, ndimaphika, palibe amene amaseka. Bambo anali munthu amene ntchito, ulemu ndi dziko anazisiya pa bwalo la ndege. Azibambo a kutchalitchi ankawanena kale kuti akuwetedwa ndi mkazi. Bambo anaona mkazi wawo akugona ndi njala, anachita chomwe anatha. Koma kunena ndi pakamwa kuti ndine ndaphika, zinawalemera kuposa sutikesi ija.

Bambo anazimitsa sitovu. Anamasula chitenje, anachipinda kanayi, n'kuchipereka kwa amayi ndi manja awiri. Pa foni azakhali ankafunsabe ngati sinowo yagwa. Bambo anadutsa pakati pathu, n'kutuluka pa mvula opanda jekete.