A Awiri-Akwana ndi tebulo lawo

Kuntchito kwathu dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Tonse tinkangowatchula a Awiri-Akwana, ndipo ankavomera mosanyinyirika. Ine ndinakhala nawo ofesi imodzi mpaka imvi zinatimera tonse, moyandikana ndi chipinda chozizira chosungiramo makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, chomwe chinawazoloweretsa kuvala juzi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Ntchito yawo inali kugawa. Seva yaikulu ankaiduladula kukhala timakompyuta tongoyerekezera, tosagwirika ndi manja koma togwira ntchito ngati kompyuta yeniyeni, ndipo kalikonse ankakapatsa mapulosesa ake, omwe ali ngati ubongo wa kompyuta. Nkhondo inkayambira pamenepo, chifukwa aliyense wogogoda pachitseko chathu ankafuna ambiri.

"Akulu, yanga ija ikuyenda ngati nkhono. Mundiikireko mapulosesa sikisitini."

"Awiri akwana."

Munthu akalimbikira, ankamuwonjezera mpaka anayi. Malire awo anali asanu ndi atatu, ndipo kupyola pamenepo sankalola ngakhale ubwere ndi abwana. Sikunali kuumira. Ankati pa maseva athu odzadzawo, kakompyuta kopatsidwa mapulosesa ambiri kankadikira kuti onsewo amasuke nthawi imodzi kasanagwire kanthu. "Anthu awiri akalowa mulesitilanti amakhala pansi pompo," ankatero, akupukuta magalasi ndi juzi ija. "Koma gulu lofuna tebulo limodzi limaima pakhomo mpaka chakudya kutha."

Mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo. N'chifukwa chake zomwe anachita kunyumba kwawo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Anali ndi ana asanu ndi mmodzi, onse akuluakulu, obalalika ndi ntchito komanso maukwati. Mkazi wawo atamwalira, uthenga unafika kwa ana ena msanga, kwa ena mochedwa, ndipo ochedwawo anasunga chakukhosi zaka zambiri. Bambo aja zinawapweteka koopsa. Choncho adokotala atawapeza ndi matenda a chiwindi, n'kuwauza kuti nthawi yafupika, anatsimikiza kuti ana awo adzamva onse pamodzi, kuchokera pakamwa pawo, atakhala patebulo limodzi. Tebulolo anagula latsopano, la mipando isanu ndi umodzi, kuti iwo adzakhale pa mpando wawo wakale wophotchoka.

Wodziwa ndinali ine ndekha, chifukwa ndinawapezerera akumwa mapiritsi kuseri kwa maseva. Anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa.

Kenako kudikira kunayamba. Woyamba kubadwa akapeza tchuthi, wachitatu ankakhala ali ndi pakati posayenda napo ulendo. Ameneyo atachira, wachiwiri anatumizidwa kutali ndi kampani yake. Chitsiriza wawo, mtsikana wosoka zovala, ankakhala mbali ina ya tauni yomweyo. Akawaimbira, foni inkalira pa desiki pawo ine ndikumva.

"Ababa, ndibwere Loweruka? Ndakusokerani malaya."

"Ayi mama, dikira abale ako apeze mpata, mudzabwere nonse."

Ankadziwa kuti mwana ameneyu akangowaona mmene aondera, adzazindikira, ndipo adzakhala woyamba kumva. Tsiku lina mtima unandikwera.

"Achimwene, inu nomwe mumakaniza anthu sikisitini, lero mukudikira sikisi? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mulole mwanayo abwere."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, ana si makina. Ukapatsa mmodzi, enawo amawerenga."

Juzi ija inayamba kuwakulira. Masitepe a kuofesi ankakwera mopumira, atagwira khoma. Koma wina akabwera kudzapempha mapulosesa, yankho linkatuluka lomwe lija, mawu okha atachepa mphamvu. Lolemba lina sanabwere kuntchito. Anawapeza ndi mayi wa nyumba yoyandikana nawo, atagwa m'khitchini, ketulo ili m'manja. Kuchipatala sanayankhulenso.

Ana anabwera onse, tsiku limodzi. Woyamba anapeza tchuthi, wa kutali uja anakwera ndege, wachitatu anafika khanda lili kumbuyo. Titabwerako kumanda ndinawaona atakhala patebulo lija, mipando yonse itadzadza, ina ikadali ndi mapulasitiki a kusitolo. Mpando wophotchoka unali pakona, wopanda munthu. Ndinalephera kupirira, ndinatuluka panja kukalira.

Chitsiriza uja ananditsatira, atanyamula jumbo ya malaya omwe bambo ake sanawayese n'komwe. Anandifunsa ngati ndinkadziwa za matendawo, ndipo ndinavomera. Ndinamufotokozera za tebulo, za mipando, ndi kuti bambo ake sankafuna kuti mwana wina adzamve mochedwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akupindapinda jumbo ija.

"Ndiye tamva mochedwa tonse," anatero. "Anti, ineyo ndinalibe chochita Loweruka lililonse."